Makatoni a Kunsi kwa Bedi

Kunsi kwa bedi langa kuli makatoni asanu ndi imodzi. Anali asanu ndi awiri, koma imodzi chiswe chinadya dzinja lathali. M'makatonimo muli mabuku a ana, atsopano, onunkhirabe inki, ndipo pachikuto cha buku lililonse pali dzina langa m'zilembo zikuluzikulu kuposa za mutu wa nkhani. Ndayambira dala pa zilembozo, chifukwa kulakwa kwanga konse kunagona pamenepo.

Ndine mphunzitsi wa pulaimale kuno ku Ntcheu. Ndinakulira kumtunda kozizira kwa Tsangano, kumene mwana amayamba kudziwa kukumba kachewere asanadziwe kulemba dzina lake. Madzulo tikatha kudya, agogo anga akuchikazi ankatisonkhanitsa pamoto. Akangoti "Padangotero," ife tonse "Tili tonse," tulo tonse balala. Nthano imene ndinkaikonda kwambiri inali ya kamtsikana kotumidwa kukatunga madzi, kamene kanakapeza njoka itadzikulunga pachitsime. Pakati pa nthanoyo panali nyimbo. Agogo ankatsogolera, ife n'kumavomera uku tikuwomba m'manja, mpaka amalume ankatuluka m'nyumba kudzatikalipira kuti tikusokosa.

Agogo atatisiya, ndinalumbira kuti nthano imeneyi sipita nawo kumanda. Cholinga chinali chabwino ndithu. Koma m'njira chinakumana ndi mnzake, ndipo mnzakeyo ndiye anadzatsogola. Ndinayamba kulota dzina langa litakhala pashelefu imodzi ndi la Samuel Josiah Ntara amene analemba Nthondo, la John Gwengwe wa Kukula ndi Mwambo, la E.J. Chadza. Ndinkadziona ndikulowa mumsonkhano wa aphunzitsi, anthu akunong'onezana kuti, "Alembi aja ndi amenewa." Sindinazindikire tsiku limene mwana anatuluka m'maganizo mwanga n'kulowamo omvera achikulire.

Zaka zambiri ndakhala ndikuphunzitsa Chichewa m'Sitandade 8, kukonzekeretsa ana mayeso a MANEB. Dzanja langa linazolowera chimangirizo: chiyambi, thunthu, mathero, kuwaza miyambi ndi zining'a kuti wochonga aone kuti chiyankhulo umachitha. Nthano ya agogo ndinailemba momwemo. Chiganizo choyamba chinali ndi mawu oposa makumi awiri. Pansi pa tsamba lililonse ndinaikapo phunziro, kuopa kuti mwana angaphonye. Nyimbo ija ndinaichotsa, poganiza kuti m'buku losindikiza ioneka yachimidzi, ndipo m'malo mwake ndinaikamo ndime yolongosola kufunika komvera makolo.

Mnzanga wina wophunzitsa Sitandade 1 pasukulu pathu anamva kuti ndikulemba. Tsiku lina pa buleki anandipeza pansi pa mtengo.

"Madamu, bwanji mundibwereke kope lanulo ndikawawerengere ana anga? Iwo aja sabisa. Akatopa nayo nkhani amayamba kutsinana."

"Dikirani lituluke, madamu," ndinatero, "mudzagula lanu."

Mumtima ndinkati, munthu wongoimbitsa ana a, e, i, o, u angandiuze chiyani ine wa Sitandade 8? Komanso ndinkaopa kuti akandibera nkhani. Safunsa adadya phula. Ine ndinadya phula ndi njuchi zomwe.

Wojambula zithunzi ndinamupeza pafoni, mnyamata wa mumzinda amene sanapondepo ku Tsangano. Tinagwirizana mtengo pakamwa, ndinatumiza theka la ndalama pafoni pomwepo, n'kumutumizira nkhani. Sindinamutumizire chithunzi ngakhale chimodzi cha kwathu. Sindinamuuze kuti chitsime chathu ndi dzenje la kudambo lozunguliridwa ndi miyala, kuti atsikana amasenza ndowa pankhata, kuti ngolo zathu zimakokedwa ndi ng'ombe kapena abulu. Zithunzi zitabwera zinali zokongola zedi, koma zinali za dziko lina. Chitsime chinali ndi kadenga ndi chopukusira chingwe. Ngolo inkakokedwa ndi akavalo. Agogo anakhala pampando wogwedera, atavala magalasi ndi nsapato, kumbuyo kwawo nyumba ya chumuni. Nditapempha kuti akonze, anati kukonza kulikonse ndi ndalama ina. Ndinakwiya, koma ndikanaloza pati? Panalibe pepala lomwe tinasainirana. Sitinakambe kuti akonza kangati, kapena kuti zithunzizo zikatha mwini wake akhala ndani. Mnyamatayo anajambula zomwe ankadziwa. Amene ankadziwa chitsime cha kudambo ndinali ine, ndipo ndinakhala chete.

Ndinazilandira zithunzizo ndi kamtima kena konyada. Ndiulule: akavalowo ndinawakonda. Ndinaona ngati akupangitsa buku langa kuoneka lakunja.

Kosindikiza ndinapita ku Blantyre. Kumeneko ndinaphunzira zinthu zomwe ndikanayenera kuzidziwa ndisanakwere basi. Anandiuza kuti buku lomanga ndi mawaya pakati masamba ake amayenda anayianayi, chifukwa pepala limodzi likapindidwa limapereka masamba anayi. Langa linali ndi masamba 26, choncho anawonjezera awiri opanda kanthu, amene ndinalipira. Anandiuza kuti mtundu woonekera pafoni sufanana ndi wapapepala, popeza makina amasakaniza inki zinayi zokha. Kenaka anandionetsa mitengo: mabuku 200 akwana mwakuti, 500 mwakuti, 1,000 mwakuti. Ndalama yaikulu imathera pokonza mapuleti ndi kutchera makina, ndiye ukachulukitsa mabuku mtengo wa buku limodzi umatsika. Masamu amenewo ndi oona. Bodza linali m'mutu mwanga, loti ndili ndi ogula 1,000. Sindinafunse munthu ngakhale mmodzi ngati adzagule. Ndinangowerenga masukulu a m'boma la Ntcheu, kuchokera ku Lizulu mpaka ku Manjawira, kutsikira ku Kasinje ndi Bilira, n'kuona kuti mwina 1,000 achepa.

Ndalama ndinazipeza njira ziwiri. Ndinatenga ngongole kubanki mkhonde, kenaka ndinapempha bambo a kunyumba ndalama za kachewere zomwe tinasungira feteleza.

"Amayi," anandifunsa, "bukulo tidzathira m'munda?"

"Abambo, pofika Disembala ndalama zibwera kawiri. Mudzagula feteleza ndi njinga yomwe."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kulowa kuchipinda kukatenga.

Ndinapereka theka kosindikiza mu Okutobala 2023. M'mwezi wotsatira, Novembala, ndalama ya kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti. Mapepala ndi inki zosindikizira zimachokera kunja, ndiye foni inalira: theka lotsala lija lakwera. Pa kapepala ka mitengo panali mzere waung'ono wonena kuti mtengo ukhoza kusintha, koma ine ndinali nditawerenga manambala okha. Kubwerera m'mbuyo kunali kutaya zomwe ndinapereka kale. Apa ndiye ndinachita chinthu chimene ndinabisira mwamuna wanga miyezi inayi: ndinakatenga katapila.

Asanasindikize onse, anandiitana kuti ndikaone buku limodzi lachitsanzo ndi kusaina kuti zonse zili bwino. Ndinaona chikuto, ndinaona dzina langa, misozi inalengeza. Ndinavundukula masamba mothamanga ngati wowerenga ndalama, n'kusaina, poopa kuti basi ya ku Ntcheu indisiya. Sindinaone kuti zilembo zokongola zomwe anasankha zinameza kachizindikiro kaja ka pakati pa "ng" ndi lembo lotsatira. Ng'ombe inasanduka ngombe. Ng'oma inasanduka ngoma. Kwina kulikonse mwina akanangoti ndi kuphonya kwa makina, koma kuno kwa a Maseko, kwa Inkosi ya Makosi Gomani, mwana aliyense amadziwa kuti ngoma ndi gule wa amuna a zishango ndi nthungo, pomwe ng'oma ndi choimbira. M'buku langa, mfumu inalamula anyamata kuti apachike ngoma pamtengo. Mabuku 1,000, siginecha yanga ili pansi.

Komabe mwambo wokhazikitsa buku ndinachita, ndipo unali wadzaoneni. Ndinabwereka holo paboma, ndinaitana wa zokuzira mawu, ndinasoketsa diresi, ndinagula keke ndi makireti a zakumwa. Kunabwera mlendo wolemekezeka. Buku loyamba linagulitsidwa mokweza mitengo ngati perekaniperekani wa paukwati, anthu akuimirira mmodzimmodzi kulengeza pamaikolofoni kuti atenga mabuku khumi, ena makumi awiri, ndalama adzapereka kutha kwa mwezi. Ndinalemba malonjezo onsewo m'kope, mtima uli m'mwamba. Kopelo ndikadali nalo. Mwa amene analonjeza, amene anabweretsa ndalama sakwana zala za dzanja limodzi, ndipo ena a iwo masiku ano akandiona pamsika amakhotera ku mabenchi a nsomba. Koma chimene chimandiluma ndikayang'ana zithunzi za tsikulo n'china. Pamwambo wokhazikitsa buku la ana panalibe ana, kupatula awiri amene tinawaveka zoyera kuti aziwaza maluwa. Palibe amene anawerenga tsamba ngakhale limodzi mokweza. Tinakondwerera chikuto.

Kenaka unafika ulendo wogulitsa. Musitolo ina ya mabuku mumzinda, bambo wa pakauntala anatembenuza buku langa n'kuyang'ana kumbuyo.

"Mayi, ISBN ili pati?"

Sindinadziwe chimene akunena. Anandifotokozera modekha kuti ndi nambala ya manambala 13 imene buku lililonse limadziwika nayo padziko lonse, ndipo kuno kwathu imaperekedwa ndi National Archives ku Zomba. Anandiuzanso kuti lamulo limafuna kuti buku lililonse losindikizidwa m'Malawi liperekedweko kumeneko kuti lisungidwe. Ndinachita manyazi ngati mayi amene wafika kusikelo ndi mwana wopanda kabuku. Anavomera kutenga mabuku khumi, koma osalipira: akagulitsa adzachotsa gawo lawo, akapanda kugulitsa ndidzakatenge. Ndalama ya basi yokafunsa ngati agulidwa inkaposa phindu la mabuku khumiwo.

Kumasukulu, aphunzitsi aakulu ankandilandira bwino, kundipatsa mpando, kuyamikira chikuto. Kenaka ankandikumbutsa chimene ine mphunzitsi ndinkachidziwa kale koma ndinasankha kuiwala: mabuku olowa m'kalasi amachokera ku unduna, ndipo amakonzedwa kapena kuunikidwa kaye ku Malawi Institute of Education ku Domasi. Sukulu siingotola ndalama n'kugula buku chifukwa wolemba wafika nalo m'chikwama. Kandalama kochepa komwe sukulu imalandira kali kale ndi ntchito: choko, zitseko, zimbudzi.

Ndinayesa msika. Tsiku lina ndinayala chitenje pa Lizulu, pakati pa wogulitsa kabichi ndi wa tomato, mabasi a pamsewu wa M1 akuima n'kumapita. Anthu ankatsika kugula kachewere, karoti, anyezi. Mayi wina wobereka mwana ananyamula buku, n'kufunsa mtengo. Nditamuuza, analibweza pansi mwaulemu ndi manja awiri.

"Aphunzitsi, ndalama imeneyo ndi makope a ana atatu teremu yonse. Nanga limeneli likabwera pamayeso?"

Sindinamuyankhe. Tsiku lonse ndinagulitsa awiri, wa kabichi anatsiriza mulu wake dzuwa lisanapendeke.

Zonsezi zinandipweteka m'thumba. Chimene chinandipweteka mumtima chinachitikira pakhonde panga. Mwana wa mchimwene wanga, wa Sitandade 2, anabwera kudzakhala nafe patchuthi. Nthano ya njoka ya pachitsime ankaidziwa, chifukwa ndinamufotokozerapo pakamwa. Ndinatulutsa buku m'katoni n'kumupatsa monyadira. Anaika chala pamzere woyamba, n'kuyamba kuphatikiza. Anadutsa mawu atatu, anafika pa "mwachidziwikire", chala chinaima. Anayesa kawiri, n'kulumpha. Anafika pa "chikhalirecho", anapumira m'mwamba. Anayamba kungotsegula masamba kuona zithunzi. Anaseka akavalo, n'kufunsa ngati agogowo ndi mzungu. Atafika kumapeto anabwereranso pakati, kufunafuna.

"Azakhali, nyimbo ija ili pati?"

Anasiya buku pamkeka n'kupita kukasewera fulaye. Ine ndinakhala pomwepo mpaka mdima. Wa katapila anali atandiopseza, a kubanki mkhonde anali atabwera kudzanyamula mipando iwiri, bambo a kunyumba anali atadziwa zonse ndipo munda wa chaka chimenecho unali wachikasu posowa feteleza. Pa zonsezo ndinkadzitonthoza kuti vuto ndi dziko lathu, anthu sakonda kuwerenga. Mwanayo anandilanda chitonthozo chimenecho. Iye ankafuna kuwerenga. Anabwera ndi njala, ine ndinamupatsa mwala wokutidwa bwino.

Teremu itatsegulidwa ndinapita kwa mnzanga wa Sitandade 1 uja. Ulendo wochoka kukalasi kwanga kufika kwake ndi mapazi makumi atatu, koma unanditengera chaka ndi theka.

"Madamu, ndabwera. Ndiphunzitseni."

Sanandinyoze. Ananditengera m'kalasi mwake, ana ali mbwee pansi, n'kundiuza kuti ndifotokoze nthanoyo pakamwa monga ankachitira agogo. Nditangoti "Padangotero," chipinda chonse chinayankha. Pofika panyimbo, ana anavomera ulendo wachiwiri okha osaphunzitsidwa. Kenaka anati ndiwerenge ya m'buku. Ndisanamalize tsamba lachiwiri, kumbuyo anali atayamba kutsinana, monga momwe ananenera.

Madzulo ake anandikhazika pansi. Anandionetsa mmene ana akuphunzirira kuwerenga chiyambire pulogalamu ya National Reading Programme mu 2016: amayamba ndi maliwu a malembo, kenaka maphatikizo, kenaka mawu, pomaliza ziganizo, ndipo maphatikizo ovuta monga "nkh" ndi "ntch" amabwera pambuyo. Anatulutsa timabuku takale ta Werengani, tosindikizidwa ndi National Library Service, n'kundionetsanso pafoni nkhani za Chichewa za African Storybook zomwe aliyense amawerenga ulere. Tsamba limodzi, chiganizo chimodzi kapena ziwiri. Mawu omwewo akubwerezedwa kuti mwana akakumana nawo kachitatu amve kuti ndi katswiri. Chithunzi chikunena zomwe mawu asiya. Anandikumbutsa za William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu, amene Chingerezi cha m'mabuku a sayansi chinkamuvuta koma anatsatira zithunzi mpaka anapanga makina amphepo opangira magetsi. "Chithunzi si maluwa, madamu," anatero. "Kwa mwana, chithunzi ndiye khomo."

Za phunziro la pansi pa tsamba anangoseka. Anandifunsa ngati agogo ankaima pakati pa nthano kuti alalikire. Sankaima. Ankangomaliza, ife n'kukagona tikuganizira tokha za njokayo.

Kuchokera pamenepo ndinayamba kufunsa, zomwe ndikanayambira. Ndinamva kuti olemba ali ndi bungwe lawo, Malawi Writers Union, limene lakhalapo kuyambira 1995, kumene munthu angapeze anzake omuwerengera zolemba asanataye ndalama. Ndinamva kuti mantha anga oberedwa nkhani mankhwala ake sikubisa kope m'sutikesi, popeza kuli COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito zaluso, ndi lamulo lake la 2016. Ndinamva kuti kalembedwe kovomerezeka ka Chichewa kali ndi eni ake ku Centre for Language Studies ku Zomba, ndipo ngakhale mphunzitsi wa Sitandade 8 amafunika diso lachiwiri. Ndinamvanso kuti ukapereka zolemba ku kampani yofalitsa mabuku n'kukanidwa, sunataye kanthu koma ndalama ya emvulopu, pomwe makina osindikizira sakana munthu: amasindikiza chilichonse chomwe walipira, ngoma ndi ng'oma chimodzimodzi.

Nkhani yachiwiri sinachokere kwa ine. Mnyamata wina wa m'kalasi mwa mnzangayo anatiuza za mbuzi ya kwawo ku Lizulu, kumene msewu ndiwo malire a dziko. M'mawa uliwonse mbuziyo imawoloka msewu kukadya msipu ku Mozambique, madzulo n'kubwerera kudzagona ku Malawi, yopanda chiphaso. Ana anaseka mpaka kugubuduka. Ndinailemba usiku womwewo, ziganizo khumi ndi ziwiri. Ndinaiwerenga m'kalasi kasanu, ulendo uliwonse ndikuyang'ana nkhope osati pepala. Pomwe maso ayamba kuyendayenda, ndinkadula. Mathero anga anali oti mbuzi inagwidwa n'kuphunzira kukhala pakhomo. Ana anakana. Anati mbuziyo ibwere ndi mnzake wa ku Mozambique adzadye nawo madeya. Mathero awo ndi amene analowa. Tinapekanso kanyimbo ka mbuzi powoloka, ndipo kali pakati penipeni pa buku.

Zithunzi anajambula mtsikana wa Sitandade 7 ndi bolopeni yakuda. Tinakhala pansi ndi mayi ake pamaso pa aphunzitsi aakulu, tinalemba papepala zomwe ndimulipire ndi kuti dzina lake likhala pachikuto pambali pa langa, m'zilembo zofanana. Mbuzi yake ndi mbuzi yeniyeni ya kuno, yonyansa bwino, ya chingwe chodukira m'khosi. Masamba ndi 12. Ndinakachita fotokope paboma, makope makumi awiri okha, n'kumanga ndi sitepula. Ndalama yonse sinafike pa mtengo wa keke ija.

Ngongole ya katapila ndinamaliza. Ya kubanki mkhonde yatsala pang'ono, ndipo mipando ija inabwerera. Ya bambo a kunyumba ndi imene sindidziwa kuti ndidzabweza bwanji, chifukwa si ya ndalama yokha. Tsiku lina ndinawapeza pakhonde akuwerengera mdzukulu wa aneba kabuku ka mbuzi, akusintha mawu pofika pamene mbuzi ikulankhula. Atandiona anangoti, "Amayi, kameneka ndiye kakanayamba." Sananenenso zina.

Timabuku makumi awiri tija timabwerekedwa Lachisanu n'kubwezedwa Lolemba. Sabata yatha kamodzi kanabwera mochedwa. Chikuto chinali chitang'ambika n'kusokedwa ndi ulusi wakuda. Pamakona panali popindikapindika, patsamba la nyimbo panali chidindo cha chala cha ndiwo, ndipo kumapeto wina anajambulapo mbuzi yachitatu ndi pensulo. Mwana amene anakabweza anaima pakhomo akunjenjemera, kuyembekeza chilango.

"Wawerenga ndani?" ndinamufunsa.

"Ine, ndi achimwene, ndi ana a kwa aneba. Agogo anati ndiwawerengere kawiri."

Ndinamuuza kuti akasunge mpaka Lolemba linalo. Madzulo ndinagwada kusesa kunsi kwa bedi, tsache likugunda makatoni aja. Ndinatsegula imodzi. Mabuku onse ali mbee, makona ali chilili, palibe ndi limodzi lomwe lokhala ndi chala cha ndiwo.